Zimene Galasi Langa Silinaone

Chikondi ndi Madalitso, ana anga, za ubwana wanga sindilemba muno. Munazimva mokwanira, ndipo ndimakuonani mukutsinana ndikayamba nkhani ya ulendo wapansi wopita kusukulu. Chimene simunamve bwino ndi nkhani ya ntchito yanga, makamaka tsiku lina limene ndinayankha munthu mawu awiri okha. Ndikufuna muidziwe mutu wanga ukadagwira, kuti mumvetse chifukwa chake ndinayankhula zija kutchalitchi, zimene malume anu sanandikhululukire mpaka lero.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito ndinayambira pa chipatala china chaching'ono konkuno ku Mchinji, chozunguliridwa ndi maesiteti a fodya. Pa kalata analemba kuti ndine wothandizira mu labotale, koma woti ndimuthandize kunalibe, choncho labotale yonse ndinali ine ndekha. Chipindacho poyamba ankasungiramo matsache ndi ndowa. Munali tebulo, nyale ya sipiriti, mabotolo a utoto wopaka pa magazi, ndi maikulosikopu yakale ya kalilole, yodalira dzuwa chifukwa magetsi kunalibe. M'dzinja, malungo akavuta, ndi pamenenso mitambo inkandilanda kuwala. Ndinkanyamula makinawo n'kukakhala nawo pakhonde, odwala atandizungulira ngati ndikugulitsa kanthu. Timagalasi topakapo magazi tinali tochepa, ndiye ndinkatitsuka ndi sopo n'kutigwiritsanso ntchito mpaka titakandika. Lachiwiri linali tsiku la sikelo ya amayi oyembekezera. Timapepala toyezera mkodzo tinkatha msanga, choncho ndinkathira mkodzo m'kabotolo kakatali n'kuutenthetsa pa nyale ija. Ukachita mtambo woyera ndinkadziwa kuti muli mapuloteni, mayiyo aonedwe mwachangu. Ndinachita zimenezi zaka zambiri osadzifunsa kuti mtambowo umabwera bwanji.

Mkulu wa chipatala anali a Gondwe, munthu wa ku Rumphi, wamtali, wosadziwa kuseka nthawi ya ntchito. Sabata yanga yoyamba anandipeza ndikufuna kulemba malungo pa pepala la mwana amene ankatentha thupi, chonsecho pa galasi sindinaonepo kanthu. Anandilanda cholembera. "Iwe Phiri, ntchito yako ndi diso," anatero. "Chimene waona, lemba. Chimene sunaone, usapeke. Tsiku limene udzalembe zachifundo, anthu adzasiya kukhulupirira pepala lako." Mawu amenewa ndinawagwira ndi manja awiri, ndipo anandisandutsa munthu wodalirika. Anandisandutsanso wonyada. Anthu ankanditchula adokotala, ine osawakonza, ndipo ndinafika pokhulupirira kuti matenda onse a m'dziko amadutsa pansi pa galasi langa.

Amayi anu, a Nambewe, ndinawaonera pawindo la labotale yomweyo. Anali mphunzitsi wa sitandade wani pa sukulu yapafupi, ndipo anabwera mutu ukuwawawa. Nditayeza magazi ndinawapatsa pepala n'kunena monga ndinkanenera kwa aliyense: "Mulibe kanthu." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundifunsa kuti, "Ndiye mutu ukundiwawawu ndi wa ndani, wanu?" Mzere wonse unaseka, ine n'kusowa pobisa nkhope. Chaka chotsatira tinakwatirana. Anali munthu wa mutu wakuthwa. Ana odzaza kalasi ankawadziwa mayina pofika Lachisanu loyamba, ndipo patapita zaka makumi awiri ankatha kuimitsa bambo wandevu pamsika n'kumukumbutsa kuti ankalira akamuuza kulemba eyiti.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990

A Gondwe anali atasamutsidwa, ndipo m'malo mwawo munabwera munthu wabwino koma wotopa, amene ankaona odwala mothamanga. Lolemba lina la mwezi wothyola fodya, pawindo langa panafika mayi wachikulire atagwira dzanja la mwamuna wake. Mwamunayo anali a Makwinja, tenanti wolima fodya wochokera ku Phalombe, amene anakhala pa esiteti ina zaka zoposa makumi awiri. Ndinkawadziwa, chifukwa ankabwera ndi zidzukulu kudzayezetsa malungo. Tsikulo malaya anawavala chambuyo, ndipo ankandimwetulira ngati mwana. Mayi Makwinja anandifotokozera monong'ona. Amuna awo anayamba n'kusakaniza magiredi a fodya, iwo amene ankaphunzitsa anzawo kusankha. Kenaka anayamba kuwaitana iwowo ndi dzina la mayi awo amene anamwalira kalekale. Tsopano ankatuluka osatsanzika, ndipo kawiri konse anapezeka m'mawa atakhala m'chigafa cha fodya cha eni ake, osadziwa kuti afikamo bwanji. Mwezi womwewo kukomboni kunamwalira mwana, ndiye anthu anayamba kunena kuti nkhalambayo imauluka, ndipo kukaichera imagwera m'zigafa.

"A kapitawo ati tibwere kuno," anatero mayiwo. "Ati mukapeza matenda, anthu amva. Mukapanda kupeza, ndiye kuti zimene akunenazo n'zoona."

Ndinamva mawu amenewo, ana anga. Sindinganame kuti sindinawamve. Ndinabaya chala cha a Makwinja, kupaka magazi, kuyang'ana. Ndinayeza mkodzo ndi makhololo. Zonse zinali zoyera. Kunja mzere unali utafika pamtengo wa mango, ana akulira. Ndinalemba pepala n'kulipereka pawindo.

"Mulibe kanthu," ndinatero.

"Tayang'ananinso, adokotala," anachonderera. "Munthuyu akudwala. Ndakhala naye chikhalireni, si mmene analili."

"Mayi, ine sindilemba zimene sindinaone. Wotsatira."

Kuchipinda choonera odwala anawapatsa asipulini, n'kubwerera kwawo. Patatha sabata imodzi a Makwinja anawabweretsa pa ngolo, atawamenya, nyumba yawo atayatsa. Ndinamva kuti kapitawo anawerenga pepala langa pamaso pa anthu onse a kukomboni, n'kunena kuti ngakhale achipatala aikira umboni. Anamwalira tsiku lachitatu. Mayi Makwinja, asanakwere lole yobwerera kwawo, anafika pawindo langa. Sanatukwane, sanalirenso. Anaika pepala lija patsogolo panga n'kulisalaza ndi chikhatho. "Pepala lanu ili," anatero. "Lagwira ntchito." Ndinaliika m'kabuku kanga ka nyimbo zakutchalitchi, ndipo nkhaniyi sindinauze munthu, ngakhale amayi anu.

Zaka za m'ma 2000

Anandisamutsira kuboma, ku chipatala chachikulu cha magetsi ndi makina oti ukaikamo magazi amalemba okha zotsatira. Zinali zaka za maliro ochuluka, ndipo ntchito inali yosapumira. Mabwana anasinthana ambiri, ena abwino, ena ongodziwa misonkhano ya kunyanja. Magolovesi akatha tinkadandaula, mankhwala oyezera akatha tinkabweza anthu, koma poyerekeza ndi kachipinda ka matsache kaja ndinkadziona ngati ndafika. Anandikweza kukhala woyang'anira achinyamata ongochoka kukoleji, ndipo nawonso ndinkawaphunzitsa lamulo la a Gondwe liwu ndi liwu. Nkhope ya a Makwinja ikandibwerera, ndinkadziuza kuti ine sindinaname, wolakwa ndi amene anagwira chibonga. Ndinadziuza zimenezi zaka pafupifupi makumi awiri. Nthawi imeneyi ndi imene tinamanga nyumba ino kwa Zulu, pamalo a kwawo kwa amayi anu. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno ndine mkamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume anu a Lufeyo. Mukumbukire mfundo imeneyi pa zimene zikubwerazi.

Chapakati pa zaka za m'ma 2010

Zinayamba ndi tinthu toti munthu n'kuseka. Mchere mu tiyi. Makiyi m'thumba la ufa. Amayi anu anali atapuma ntchito, ine kutatsala chaka chimodzi, ndiye tinkati ndi ukalamba. Kenaka anayamba kundifunsa funso limodzi kasanu m'mawa umodzi, ndipo ndikuvomera kuti ndinkawakalipira. Tsiku lina tinakumana ndi mayi amene amayi anu anamuphunzitsa sitandade wani, amenenso anatiphikira pa ukwati wa Chikondi. Amayi anu anamupatsa moni waulemu ngati mlendo, ndipo atadutsa anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Abambo ake Chikondi, ameneyu ndi ndani?" M'maso mwawo munali mantha. Mawa lake ndinawatengera kuntchito n'kuwayeza ndekha chilichonse chimene makina athu ankatha kuyeza. Pepala litatuluka ndinakhala pampando nthawi yaitali ndikuliyang'ana. Munalibe kanthu, ndipo ndinachita mantha amene sindinachitepo chiyambire ntchito.

Iwe Chikondi ndiwe unatikakamiza kupita ku Lilongwe. Dokotala wake anali mtsikana wa msinkhu wako. Anacheza ndi amayi anu nthawi yaitali, kuwafunsa tsiku, kuwapatsa mawu atatu oti asunge, kuwauza kuti ajambule wotchi. Munthu amene anaphunzitsa ana zaka makumi atatu anaunjika manambala onse mbali imodzi, n'kundiyang'ana kuti ndiwathandize. Amayi anu atatuluka nawe, dokotalayo anandiuza kuti ndi matenda a muubongo otchedwa dimenshiya, ndipo mtundu wake ukuoneka kuti ndi umene umagwira okalamba ambiri. Ine ndi kunyada kwanga ndinatulutsa mapepala anga n'kumuuza kuti magazi ndayeza ndekha, ndi oyera.

"Bambo, mwati mwagwira mu labotale zaka zingati?" anandifunsa. Nditamuuza anati, "Ndiye munawiritsapo mkodzo. Mtambo uja umabwera bwanji?"

Iye anafotokoza mosathamanga. Anati puloteni iliyonse m'thupi imapangidwa ngati kaulusi kakatali, ndipo kuti igwire ntchito iyenera kupindika mwanjira yakeyake. Moto umaipindula, ndiye zopindukazo zimamatirirana n'kupanga mtambo umene ndinkauona m'kabotolo, monga mmene choyera cha dzira chimalimbira ukaliphika. Muubongo wa amayi anu mulibe moto, koma mapuloteni ena akupindika molakwika okha, pang'onopang'ono. Maselo ali ndi njira zokonzera zopindika molakwika kapena kuzitaya, koma munthu akamakula njirazo zimafooka. Choipa n'chakuti imodzi yolakwika imakokera inzake kuti ilakwikenso, mpaka zimaunjikana, maselo a ubongo n'kumafa, kuyambira mbali imene imasunga zinthu zatsopano. "Si opatsirana, si ufiti, ndipo palibe amene walakwa," anatero. "Koma pa galasi lanu lija simungawaone, ngakhale mutayang'ana chaka chathunthu. Mankhwala ochiza palibe. Chimene chilipo ndi kuwasamala."

Ndinamufunsa ngati odwala otere amatuluka m'nyumba n'kukapezeka malo achilendo. Anati kwambiri, ndipo ndi pamene ambiri amavulazidwa ndi anthu. Pobwerera m'basi amayi anu anagona paphewa panga. Ine ndinayang'ana kuwindo njira yonse kuti iwe Chikondi usaone kuti ndikulira, ndipo amene ndinkamulira sanali amayi anu okha.

Chaka chopuma ntchito

Abwana anandiitana n'kundiuza kuti akufuna ndipitirize zaka zina ziwiri pa kontirakiti, chifukwa odziwa maikulosikopu achepa. Ndinapempha sabata yoganiza. Sabata yomweyo amayi anu anatuluka m'mawa ine nditapita kuntchito, ndipo anakapezeka m'khitchini ya banja lina kutsidya kwa dambo, atakhala pansi akusenda nyemba za eni ake. Banjalo linali litangoika maliro a mwana wakhanda. Amene anawabweretsa sanalowe m'nyumba, ndipo madzi akumwa anawakana. Kuchitsime nkhani inali itayamba kale, yoti aphunzitsi aja zawatembenukira.

Malume anu anabwera Loweruka, n'kukhala pansi pa mtengo wa gwafa uja. Ndinawafotokozera zonse za dokotala, mpaka za mapuloteni.

"Ndiye asiye kudya nyemba ndi mazira," anatero.

"Si za chakudya, alamu."

"Nanga magazi munayeza inu nomwe, munapeza chiyani?"

"Sindinapeze kanthu, koma..."

"Basi, mwanena nokha. Mverani, a Phiri. Uyu ndi mlongo wanga, ndipo mbumba iyi ndi yanga. Mumutsekere m'nyumba, munthu asamuone, ndipo pakamwa panu mutseke. Mwezi ukatha ndimuolotsa malire, kuli munthu kumeneko amene amadziwa zoterezi. Inu pitirizani ntchito yanu. Zapamudzi pano mutisiyire eni ake."

Musawaone ngati munthu woipa. Ankamukonda mlongo wawo, ndipo ankaopa zomwe inenso ndinkaopa. Komanso mwa mwambo ankanena zoona, mkamwini satsutsa mwini mbumba pa nkhani ya mlongo wake. Koma ine ndinkadziwa chimene iwo sankadziwa. Khomo lokhoma limadzatseguka tsiku lina, ndipo munthu amene abale ake akumubisa, mudzi umati pali chimene akubisa. Ndinaona kale mmene zimathera anthu akasiyidwa kuti apeze okha dzina la matenda. Lolemba ndinakauza abwana kuti kontirakiti ndaikana. Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, ndinapempha akulu ampingo kuti andipatse mphindi zochepa.

Ndinaimirira kutsogolo, amayi anu atakhala kumbali ya azimayi atavala zoyera zawo. Ndinatulutsa pepala la a Makwinja m'kabuku ka nyimbo, litafiira ndi ukalamba. Ndinafotokoza za munthuyo, za mkazi wake pawindo, za mawu anga awiri, ndi za ngolo. Ndinati pepala ili silinaname, koma linapha munthu, chifukwa amene analilemba ankayesa kuti chimene iye sakuchiona ndiye kuti kulibe. Kenaka ndinati: "Akazi anga, a Nambewe, amene anaphunzitsa ambiri a inu kugwira pensulo, akudwala matenda omwewo. Ndi matenda a muubongo, ali ndi dzina, ndipo sapatsirana. Adzakuiwalani. Adzalowa m'nyumba zanu osaodira. Mwina tsiku lina mudzawapeza asanavale bwino. Mukadzawapeza, chonde, agwireni dzanja mubwere nawo kwa ine."

Malume anu anadzuka, kutenga chipewa chawo, n'kutuluka, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano ine ndilipo. Iwe Madalitso unandiimbira foni madzulo ake uli ku Blantyre, n'kunena kuti, "Bambo, mwawavula amayi pagulu." Mawu amenewo anandilasa, ndipo sindikukuimba nawo mlandu, chifukwa mbali ina unkanena zoona. Amayi anu anali munthu wosafuna kuti zam'nyumba zituluke, ndipo ndinawaulula osawapempha, pa nthawi imene sakanathanso kundiletsa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nditabwerera pampando anandiwombera m'manja, okha m'tchalitchi monse, poganiza kuti ndalalika bwino.

Masiku ano

Papita zaka tsopano. Ndinaphunzira kuphika, kuchapa, ndi kumanga duku, ngakhale azimayi amati ndimamanga ngati bandeji. Sikuti mudzi wonse unatembenuka mtima. Alipo amene amakokabe ana awo tikamadutsa. Mayina anu amayi anu anawataya, ndipo langa linatsala kanthawi kenaka nalonso linapita. Nyimbo zakutchalitchi zokha ndi zimene zatsala, amaziimba mavesi onse osaphonya.

Mwezi wathawu ndinapita kuseri kukathyola masamba, chitseko n'kuiwala kukhoma. Pobwera ndinapeza mpando uli wokha. Ndinathamanga kudambo, kuchigayo, kusukulu, ndikufuula dzina lawo, m'mutu mwanga muli ngolo ija basi. Dzuwa linafika pamutu osawapeza. Ndinabwerera kunyumba kuti mwina ndiimbire inu, ndipo ndili m'chipinda chochezera ndinamva anthu akuimba panjira. Nditasuzumira pawindo ndinaona azimayi atatu ogulitsa tomato kumsewu wa kumalire akubwera nawo, wina atawagwira dzanja, wina atawafunditsa chitenje chake chifukwa bulauzi anali ataitaya. Ankaimba nawo kuti asachite mantha. Mmodzi wa iwo anali mayi wa khanda lija, wa kutsidya kwa dambo. "Tawapeza akulowera ku Zambia, ati akupita kukalasi," anatero. "Tinakumbuka zimene munanena zija."

Ndinagwira chitsulo cha windo. Amayi anu anasiya dzanja la mayiyo n'kufika pawindopo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu kutsika, monga anachitira tsiku loyamba lija, koma sanaone mwamuna wawo. Anaona munthu wa mu labotale. Anatambasula dzanja kuti alandire pepala.

"Adokotala, mwapeza chiyani?" anafunsa.

Ndinatulutsa dzanja langa pawindo n'kugwira lawo.

"Ndapeza matenda, mayi," ndinatero. "Mukudwala. Lowani tikusamaleni."

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo, n'kutembenukira kwa azimayi aja.

"Mwamva?" anatero. "Ndimanena ine."